Ndani Ankaitana Chidutswa cha a Chipewa?

Lolemba m'mawa, pa tsamba la pa intaneti limene odwala amalembetserapo tsiku lokaonana ndi dokotala, panaonekanso mawu amene anali atafufutidwa Lachisanu: "Dikirani pang'ono, sindinakuiwaleni." Anawalemba ndi a Chipewa, katswiri wa mapulogalamu amene kampani yosamalira tsambalo inawapumitsa ntchito mwaliwiro, osawafunsa ngakhale funso limodzi lokhudza makina amene anawasamala zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Anamwalira patangotha miyezi iwiri. Bwana anatumiza nkhata ya maluwa, koma kumaliro sanapondeko.

Ntchito ya pa ofesiyo imayenda motere. Pulogalamu ya tsambalo imalembedwa m'zidutswa zambirimbiri, chilichonse ndi dzina lake. Usiku uliwonse ikakwana 2 koloko, kompyuta yakale ya m'chipinda chakumbuyo imasonkhanitsa zidutswazo n'kuzimanga mtolo umodzi, umene foni ya munthu imalandira akatsegula tsambalo. Lamulo lake ndi limodzi: chidutswa chimalowa mumtolo pokhapokha chinzake chikachiitana pa dzina. Chosaitanidwa chimatsala.

Bwanayo, amene sanalembepo mzere umodzi wa pulogalamu chibadwire, anagamula kuti mtolowo walemera, ndipo zonse za a Chipewa zichoke. Ntchitoyo inagwera mtsikana amene malemuwo anamuphunzitsa, amene anthu ankamutchabe Wophunzira ngakhale anali atatha zaka zitatu pa ntchitopo. Lolemba lomwelo anafufutanso chidutswa cha mawu aja. Lachiwiri chinali mumtolo. Anafufutanso. Lachitatu chinalimo.

Manong'onong'o anayamba. Mayi wosesa anati m'chipinda chakumbuyo mumamveka fungo la mafuta amene a Chipewa ankadzola m'mawondo. Wina anati mpando wawo umapezeka utatembenukira kukompyuta. Bwana sanakhulupirire za mizimu, pakuti kunali kosavuta kukhulupirira zoipa za munthu wamoyo.

"Ukuchibwezera dala kuti undichititse manyazi," anatero kwa Wophunzira. "Chikaonekanso Lachisanu, usiye makiyi patebulo."

Lachinayi usiku Wophunzira sanapite kunyumba. Anafufuta chidutswacho kachinayi, n'kukhala m'chipinda chakumbuyo pamodzi ndi mlonda, bambo wachikulire amene anabwera ndi tochi, chibonga ndi bulangete. Babu la m'chipindamo linali litapsa kalekale, ndipo pempho logula lina linali lidakali patebulo la bwana. Mumdimamo munkangooneka kanyali kobiriwira ka kompyuta. Madzi ankadontha pampopi wa kukhonde, dontho limodzi, kenaka bata lalitali, kenaka lina.

"Mwanangu," ananong'ona mlondayo, "a Chipewa akatulukira, uyambe ndiwe kupereka moni. Ine ankandidziwa kuti ndimagona pa ntchito."

"Chibongacho n'cha chiyani nanga, abambo?"

"N'chondilimbitsa mtima basi. Sindingamenye munthu amene ankandisiyira tiyi."

Itakwana 2 koloko, kompyutayo inayamba kupuma mwaphuma ngati munthu wokwera phiri. M'kati mwake munamveka kugogoda kwapansipansi, go, go, go. Mayina a zidutswa anayamba kutsika pagalasi, limodzi pambuyo pa linzake, kenaka zonse zinaima. Chitseko chinalira chokha. Pagalasi panatuluka mzere umodzi: chidutswa "dikirani" chaitanidwa, sichikupezeka. Panapita kanthawi, ndipo mzere wina unatsatira: chatengedwa m'nkhokwe yakale.

Mlondayo anafunda bulangete kumutu. "Abwera."

"Sanabwere paokha," anayankha Wophunzira. "Chosaitanidwa sichilowa. Alipo amene akuwaitana."

Nkhokweyo anaimvetsa msanga: a Chipewa anakonza zoti chidutswa choitanidwa chikasowa, makinawo azikatenga china chimene anasunga padera. Chotsala chinali kupeza woitanayo. Anatsegula zidutswazo chimodzichimodzi, mlonda akuunikira mabatani ndi tochi, mpaka kunja kunayamba kuyera. Pa chidutswa cha makumi anayi ndi chimodzi, manja ake anaima. Chinali chake chomwe, choyamba kulemba pa ofesiyo, a Chipewa atakhala pambali pake n'kumamuuza liwu ndi liwu. Mzere wachitatu unkaitana "dikirani", ndipo pamwamba pake panali mawu a malemuwo: "Ichi n'cha anthu a mafoni akale, amene tsamba limawachedwera. Asamaone chigalasi choyera n'kuganiza kuti chipatala chawakana."

"Ndiye umawaitana ndiwe, mwanangu, usiku uliwonse," anatero mlondayo, akuvula bulangete.

Lachisanu m'mawa Wophunzira anaika makiyi patebulo la bwana, ndipo pambali pake anaikapo foni ya mlonda, yosweka galasi, yomangidwa ndi mphira. Anamanga mtolo wopanda chidutswacho n'kutsegula tsambalo pafoniyo. Galasi linangoti mbee. Bwana anadikira, anagwedeza foniyo, anadinanso.

"Yafa iyi."

"Siinafe, bwana," anatero mlondayo ali pakhomo. "Mayi a kunyumba amalembetsera pomwepo za shuga wawo. Akaona mawu aja amadikira. Akapanda kuwaona amazimitsa."

Bwana sanapepese, pakuti anthu otere sapepesa. Anangokankhira makiyiwo kwa mwiniwake ndi chala chimodzi, n'kunena kuti chidutswacho chikhale, ngati kuti nzeruyo inali yake.

Madzulo a tsikulo Wophunzira anagula babu ndi kuliika yekha m'chipinda chakumbuyo. Mpando wa a Chipewa anaupeza utatembenukira kukompyuta. Anaupukuta fumbi, n'kukhalapo.