Kamuvi pa Paipi ya Mayi Furukawa

Shiori anali atagwada m'kabowo kowothera moto, mwaye uli mbuu m'tsitsi, pamene anamva bambo ake akuseka panja.

"Taonani mnyamata uyu! Akuyenda padenga ngati mphaka!"

Mnyamatayo anali Itsuki, msuweni wake, amene anabwera kuchokera ku Sapporo miyezi iwiri yapitayo mayi ake atagonekedwa m'chipatala. Shiori anali atagwira ntchito yoika mbaula ndi bambo ake, a Tanabe, Loweruka lililonse kwa zaka zitatu. Bondo la bambowo litayamba kuvuta, iye ankadziwa kuti padenga padzakhala pake. Koma lamba wodzimangira pokwera anapatsidwa Itsuki. Ngakhale makasitomala anayamba kufunsa kuti, "Kodi uyu ndiye adzatenge ntchitoyi?" A Tanabe ankangomwetulira.

Tsikulo anali kwa Mayi Furukawa, mayi wamasiye wokhala yekha m'nyumba yakale ya njerwa. Powothera moto pawo pankadya nkhuni zambiri, kutentha konse n'kumathawira kumwamba. Ntchito inali yolowetsa mbaula yachitsulo m'bowomo, ndi kutsitsa paipi yaitali yopindika m'chumuni kuti utsi uzidutsa mmenemo.

Shiori atatuluka, anapeza Itsuki watsika ndipo akumanga chingwe chokokera kumapeto kwa paipiyo. Maso ake anagwera pa kamuvi kofiira kolembedwa pachitsulo. Kamuviko kamayenera kuloza kumwamba. Paipi ikalowa chadodolido, phula la utsi limadontha m'mphako zake n'kuunjikana m'chumuni, ndipo tsiku lina limayaka. Itsuki anali atamanga chingwe kumbali yolakwika.

"Zili bwino, eti bwana?" Itsuki anafunsa moseka.

Shiori anatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo bambo ake anadutsa n'kumusisita Itsuki paphewa. "Mfundo yabwino iyi. Shiori, uphunzireko kumanga chonchi."

"Umadziwa zonse iwe," anatero Shiori kwa Itsuki, n'kubwerera m'nyumba.

Anakoka chingwe kwa maola awiri, Itsuki akukankha paipi kuchokera pamwamba. Chumunicho chinali chokhota pakati, ndipo paipiyo inkadutsa movutikira. Itatulukira pansi, a Tanabe anagwada pang'onopang'ono ndi tochi kuti ailumikize ku mbaula. Kuwala kwa tochiyo kunagwera pa kamuvi kaja, kakuloza pansi.

"Itsuki! Tsika!"

Mtima wa Shiori unadumpha ndi kachimwemwe. Ankayembekezera mawu awiri atatu okalipa, kenako paipi ituluke, aitembenuze, iye akwere padenga. Koma pobweza, paipiyo inakodwa pokhota paja. Anakoka, anagwedeza, kenako panamveka phokoso ngati chitini chikung'ambika. Inatuluka itatseguka pamimba.

A Tanabe anaimba foni kusitolo ya ku Asahikawa. Anauzidwa kuti paipi ina ifika Lachitatu. Kunja chipale chofewa chinali chitayamba kugwa, choyamba chaka chimenecho.

"Pepani kwambiri, Amayi," anatero a Tanabe atawerama mpaka mutu kufika m'chiuno. Shiori anali asanawaonepo bambo ake akuwerama chotero.

"Musadandaule, ndili ndi kambaula ka palafini," anayankha Mayi Furukawa, akukoka juzi yachiwiri. Zala zawo zinali zotupa m'mfundo, ndipo ankavutika kumanga mabatani. Shiori anayang'ana kumbali.

Madzulo anakhala pansi kuti adye. Itsuki sanakhudze mpunga wake.

"Amalume," anatero potsiriza, "ndibwerere ku Sapporo. Ndikhoza kukakhala kwa mnzanga. Ndimafuna ndizithandiza, osangodya chakudya chanu, koma ndangokuchititsani manyazi."

"Ndinakuuza za kamuviko sabata yatha," anatero a Tanabe mouma.

"Munandiuza. Ndinaiwala. Ndikamati ndikwere padenga, mutu umangodzaza ndi mantha, sindiganizanso china."

"Mantha? Iwe?" Shiori anafunsa asanaganize.

"Miyendo imanjenjemera ulendo uliwonse. Ndimayenda mofulumira kuti nditsike msanga."

Shiori anaika timitengo todyera pansi. Msuzi unali utamuwawa m'kamwa.

"Ababa, ine ndinakaona."

"Unaona chiyani?"

"Kamuviko. Paipi isanakwere. Anandifunsa ngati zili bwino, ine sindinamuuze."

Mayi ake a Shiori anasiya kupungula tiyi. Itsuki anamuyang'anitsitsa.

"Unakaona?"

"Ndimafuna Ababa akukalipire. Kamodzi kokha. Sindimadziwa kuti ing'ambika."

"Nanga ine ndikanapanda kuona?" anafunsa a Tanabe motsitsa mawu. "Tikanayatsa moto, n'kulandira zikomo, n'kumapita. Mayi aja amagona okha m'nyumba ija, Shiori."

Itsuki anadzuka, n'kunyamula mbale yake kukaiika kukhitchini. Sanamenyetse chitseko. Shiori akanakonda akanatero.

M'mawa mwake, Shiori anapalasa njinga kupita kwa Mayi Furukawa, atanyamula fosholo ndi chigubu cha palafini. Palibe anamutuma. Anachotsa chipale pakhomo, kenako anaima pakhonde n'kufotokoza zonse, maso ali pansi.

Mayiwo anamvetsera mpweya wawo ukutuluka ngati nthunzi chifukwa cha kuzizira m'nyumba mwawo momwe. "Ndiye kuti mkangano wanu ndi umene wandigoneka ndi majuzi atatu?"

"Inde, Amayi."

"Hmm. Mawa ubwere ndi palafini wambiri. Uyu sakwana."

Anabwera mawa lake, ndi mkuja.

Paipi yatsopano inafika Lachitatu masana. Itsuki sanapite ku Sapporo, koma kwa masiku onsewo sananene kwa Shiori mawu oposa "wadzuka bwanji." Atafika kwa Mayi Furukawa, a Tanabe anatulutsa lamba uja n'kuima naye pakati pa awiriwo.

"Ndikwera ndine, Amalume," anatero Itsuki. "Ndinayamba ndine."

Shiori anatambasula paipi pa chipale, anafufuza kamuvi, n'kumanga chingwe kumbali yoyenera. Anakoka mfundoyo kawiri.

"Ndayang'ana," anatero. "Zili bwino."

"Chabwino," anayankha Itsuki. Kenako anagwada, anapukuta chipale pachitsulo ndi dzanja lake, n'kuyang'ana yekha. Anayendanso mpaka kumapeto kwina, n'kuyang'ananso.

Nkhope ya Shiori inatentha ngakhale kunali kuzizira. Anatembenukira kwa bambo ake, koma iwo anali kalikiliki ndi bokosi la zipangizo.  Shiori anapita pa makwerero, anaponda mwendo umodzi wa makwererowo mwamphamvu, n'kugwira ndi manja onse awiri. Itsuki atayamba kukwera, Shiori anamva makwererowo akunjenjemera m'zikhatho zake, ndipo sanawasiye mpaka phazi lomaliza litafika padenga.