Madamu wa Mapulogalamu ndi Mawaya

Tsiku lomwe anakumana, magetsi anali atathima. Mnyamata wokonza makompyuta pa yunivesite, yemwe ophunzira ankamutcha Mawaya, analowa m'kalasi kukapepesa kwa mphunzitsi watsopano wa mapulogalamu a pakompyuta.

"Pepani Madamu, lero phunziro lalephereka."

"Lalephereka bwanji?" anaseka Madamu. "Nonse imirirani! Mufole kuyambira wamfupi mpaka wamtali, koma muziyerekeza anthu awiri okha nthawi imodzi. Wina azilemba pa bolodi chilichonse chomwe mwachita."

Ophunzira anakankhana, kuseka, kutsutsana. Mzere utawongoka, mtsikana wina amene analephera phunziroli kawiri anayang'ana pa bolodi n'kufuula: "Madamu! Pulogalamu ija ndi imeneyi basi?"

"Ndi yomweyo, mng'ono wanga. Umayamba ndi mutu wako, kompyuta imabwera pambuyo."

Mawaya anangoti kukamwa yasa. Mkazi wanzeru chotere anachokera kuti?

Patatha sabata anamutumizira uthenga: "Makompyuta onse ndakonza. Wandikanika ndi mtima wangawu."

"Tauzimitsani, muuyatsenso," anayankha Madamu.

"Ndayesa. Ukayaka ukungoonetsa inu!"

Chikondi chinayaka. Kwa chaka chathunthu Madamu anali "kuwala kwanga," Mawaya anali "mmisiri wanga."

"Sindidzakubisirani kanthu," Madamu ankalonjeza.

Koma m'mawa wina Mawaya anaona pepala pa bolodi la zidziwitso: Madamu akupita kunja kukaphunzira, zaka zitatu!

Anamupeza mu ofesi akuchonga mayeso.

"Zoona ine ndimve pa khoma ngati mlendo?"

Madamu anagwetsa misozi. "Ndimaopa. Mukanati ndisapite, ndikanamvera."

Mawaya anatuluka. Sabata ziwiri foni yake inali zii. Chakudya chinkamukanika, ntchito osayenda.

Tsiku lotsanzika, Mawaya anazemba n'kukakhala kumbuyo kwa kalasi. Ophunzira ankaonetsa mapulogalamu omwe analemba okha, ina yopezera mabuku mu laibulale, ina yokonza ndandanda ya mayeso. Madamu ankafunsa aliyense modekha, "Unaganiza bwanji kuti ufike apa?" Ndani akanatsekereza munthu wotere?

Onse atatuluka, Mawaya anayandikira.

"Munandilakwira, wokondedwa. Mumaganiza kuti ndingakuletseni? Pitani mukaphunzire. Koma muvale iyi."

Inali mphete yaing'ono.

"Zaka zitatu si masewera, mmisiri wanga."

"Ndaziwerengera kale. Mayi anganso ndawauza."

Madamu anaseka uku akulira, n'kutambasula dzanja. Panja pa zenera, kalasi yonse inakuwa ndi chimwemwe.