Chithunzi cha Kumsana

Wojambula zithunzi wina analowa m'shopu ya mafelemu tsiku la mvula, kamera ataifunditsa jekete, iye mwini ali chonyowa. Mtsikana wodula magalasi anamuseka kuti kamerayo ndiye mkazi wake. Mnyamatayo anayankha kuti malo a mkazi akadali opanda munthu, ndipo mtsikanayo anakhulupirira osaphethira n'komwe.

Pasanathe mwezi mtsikanayo anali atasanduka "Kanyenyezi kanga".

Loweruka lililonse ankakwera phiri la kuseri kwa tauni. Wojambulayo ankamuimika pathanthwe, n'kumukonza mpango wachikasu umene anamugulira, n'kumuuza kuti ayang'ane kuchigwa. Nthawi zonse ankamujambula kumsana.

"Bwanji osandijambulako nkhope?" anafunsa Kanyenyezi tsiku lina.

"Nkhope imeneyi ndi yanga ndekha, wokondedwa. Anthu aziona phiri."

Mawu okoma chonchi ndani angakangane nawo? Komabe mtima sunakhazikike. Mayi ake ankafuna kumuona mkamwiniyo, koma wojambulayo ankangoti abwera mvula ikatha. Mvula inatha, fumbi linabwera, munthu osaoneka.

Chimene chinkamutonthoza chinali chithunzi chimodzi chimene wojambulayo anaika pa intaneti kuti aliyense aone pa foni: mkazi wa mpango wachikasu ataima pathanthwe, m'munsi mwake mawu akuti "Moyo wanga wonse". Kanyenyezi anachisunga, n'kuonetsa mayi ake ndi anzake onse. Ankachita kunyada nacho, mwana wa eni!

Lachiwiri lina m'shopumo munalowa mayi woyembekezera, atanyamula chithunzi chachikulu chokulunga. Anati akufuna felemu yakuda, chifukwa chithunzicho ndi mphatso ya amuna ake. Kanyenyezi atachitambasula patebulo anachizindikira pomwepo. Chinali chomwe chija, thanthwe lomwelo, mpango womwewo. Koma pa pepala lalikulu panaoneka chimene foni inkabisa: pa chala cha mkaziyo panali mphete.

Miyezi yonseyi ankanyadira msana wa mwiniwake.

"Ndine ameneyo," anatero mayiyo akumwetulira mwamanyazi. "Bambo a kunyumba ndi ojambula. Amati nkhope yanga ndi yawo okha."

Kanyenyezi anafuna kukuwa, koma akanamukuwira ndani? Mayiyo sanamulakwire chilichonse. Kanyenyezi anangoyeza chithunzicho, n'kudula galasi, koma anadzicheka chala. Mayiyo anamupatsa kansalu kake, n'kumuti pepani achemwali.

Kanyenyezi atatembenuza chithunzicho kuti akhome timisomali ta kumbuyo, mayiyo anamupempha kanthu kamodzi. Anati iye amalemba ngati nkhuku yapalasa, choncho amulembereko mawu pang'ono kumbuyoko.

"Mulembe kuti, 'Zaka zisanu osandikhumudwitsa. Zikomo, mwamuna wanga.'"

Kanyenyezi anatenga cholembera. Analemba pang'onopang'ono, mokongola, nkhope atailozetsa kumbali kuti misozi isadonthere pa mphatso ya mnzake.