Mano a Difu ya Kumbuyo

Bawuti anatseka galaja leveni koloko itadutsa kale, msana ukuwawa ngati wasenza injini. Dzinali anamupatsa anzake chifukwa bawuti aliyense ankamumanga kawiri, ndipo mwiniwake ankalinyadira koopsa. Ankakonda kunena kuti chitsulo sichinama, wabodza ndi makaniko.

Masiku atatu anakhala ali pansi pa galimoto ya mlamu wake, chigalimoto chokwera cha m'misewu yoipa. Anachotsa ekiselo ya kumbuyo, chitsulo cholumikiza matayala awiri, yomwe inkalira ngati chigayo, n'kumangapo ina yolimba imene anaipeza kwa wogulitsa zitsulo zakale. Iyi inali ndi loko ya difu, bokosi la magiya la pakati pa ekiselo: ukakoka kandodo, matayala onse a kumbuyo amazungulira limodzi, ngakhale lina litamira m'matope. Sikuti ankafuna kuonetsa luso. Mkazi wake anali woyembekezera, mwezi wake unali womwewo, ndipo anamwino anali atalamula kuti akadikirire kuchipatala. Mvula inali itasandutsa msewu dambo. Kukangocha, galimoto imeneyi inayenera kumunyamula.

Atafika pageti, mlonda wa pagalajapo, mdala wa chikhoti chofika m'maondo, anamuyang'ana mokayika.

"Bwanji osangogona pabenchi, a Bawuti? Njira ya pamlatho si ya nthawi ino."

"Madala, ine ndimaopa jeke yoterereka basi," anayankha akuseka. Anali ndi zaka zitatu zokha m'deralo, ndipo mlendo, ngakhale akhale wochenjera chotani, sadziwa chimene eni mudzi amalambalala.

Mwezi kunalibe. Foni inali itazima madzulo omwe. Ankayenda mofufuza ndi phazi, matope akumuvula nsapato, achule akuimba mbali zonse. Mtima wake unali kunyumba, kwa mkazi wake amene tsopano sankatha n'komwe kuwerama kuti amange nsapato.

Atayandikira mlatho, achule anangoti zii.

Onse. Nthawi imodzi.

Kenako linabwera fungo, fungo la oyilo wa m'difu wopserera, lija lokhala ngati dzira lovunda. Anadzinunkhiza malaya. Ovolosi anali ataisiya kugalaja, ndipo m'manja anali atasamba ndi sopo. Fungolo silinali lake.

Kumbuyo kwake kunamveka mapazi. Phwa... phwa... phwa...

Anaima. Mapaziwo sanaime. Anamudutsa chakumanzere, pafupi zedi, koma iye sanaone munthu. Ankangomva mawu apansipansi, a munthu amene akuwerenga mosamala kuti asasokoneze.

"Fote... fote wani... fote thuu... fote firii..."

Tsitsi linamuima. Anafuna kubwerera, miyendo inakana. Inamutengera kutsogolo, mpaka nsapato zake zinagunda simenti ya pamlatho.

Pakati pa mlathowo, mbali ya kumanja, panali mpata pomwe zitsulo zotchinga zinathyoka kalekale osakonzedwanso. Pampata pomwepo panali pataima bambo wina wovala ovolosi. Mvula inali itasiya masana, koma iye madzi anali chuchuchu, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amisiri," anatero bamboyo osatembenuka, "mwawerenga?"

"Kuwerenga... chiyani, bambo?"

"Mano a difu. Kutsogolo fote wani. Kumbuyo fote firii."

Anakweza dzanja ngati akufuna kuwerenganso. Linali ndi zala zitatu zokha.

"M'matope zimakhululukirana. Pasimenti pano, ayi." Kenako anawonjezera ndi mawu achisoni, "Inenso ndinkafulumira."

Mantha a munthuyo analipo, koma ena aakulu anabwera pamwamba pake, chifukwa mawuwo Bawuti anawamvetsa bwino lomwe. Mano a giya yaikulu ya m'difu akasiyana kutsogolo ndi kumbuyo, matayala a kutsogolo amathamanga kuposa anzake. M'matope amangoterereka, palibe chimene umamva. Koma ukatuluka m'matopemo matayala anayi onse akukoka, loko ili yokoka, n'kuponda simenti youma, galimoto imalimbana yokha. China chimathyoka, ndipo chiwongolero chimakulanda. Wogulitsa uja analumbira kuti ekiseloyo ndi ya mtundu womwewo, iye n'kukhulupirira. Mabawuti anamanga kawirikawiri. Mano sanawerenge.

Koma m'kati mwa difu yotseka, munthu uyu anaonamo bwanji?

Anadzutsa maso kuti afunse.

Panalibe munthu!

Mpata wokha. Madzi akulindima pansi. Pasimenti panali pouma gwa, popanda ngakhale dontho.

Ndani anati munthu wotopa sathamanga? Bawuti analiyatsa liwiro, osati la kunyumba koma la kugalaja. Nsapato imodzi inatsala m'matope, iye osacheuka. Anafika akugogoda geti ndi zibakera.

"Madala! Tsegulani! Bweretsani tochi!"

Mlonda anatsegula geti. Anagwada n'kuunikira, Bawuti ali chagada pansi pa galimoto. Anakhetsa oyilo, n'kutsegula difu ya kutsogolo. Dzino limodzi analilemba ndi choko, n'kuyamba kuzunguza pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Fote wani. Anakwawira kumbuyo. Choko chinamugwa kawiri. Fote... fote wani... fote thuu...

Fote firii.

Anagona pomwepo, oyilo akumudonthera pakhosi, ndipo analira. Analira ngati mwana, chifukwa m'maso mwake ankaona mkazi wake atakhala pampando wa kutsogolo, chikwama cha matewera chili pamiyendo, mlamu akutuluka m'matope mokondwa n'kulunjika pamlatho.

Atapukuta misozi anati, "Ndithandizeni kukoka ekiselo yakale ija. Imalira, koma ndi yake. Kusanache ikhale itabwerera."

"Ndikuthandizani," anatero mlonda. "Koma tandiuzani, wakutsinani khutu ndani pakati pa usiku?"

"Bambo wina pamlatho. Wa ovolosi yonyowa. Dzanja lake lili ndi zala zitatu."

Mdalayo anaika tochi pansi.

"Zala ziwirizo zinadyedwa ndi lamba wa injini, m'galaja muno, ine ndikuona," anatero motsitsa mawu. "Anali makaniko wa pano inu musanabwere. Ekiselo mwagulayi anaimanga ndi iyeyo, pagalimoto yake, mothamanga ngati inu. Zitsulo za pamlatho zija anathyola ndi iyeyo. Chaka chino n'chachisanu ndi chiwiri chimuikireni m'manda."

Bawuti anakwawa n'kutuluka pansi pa galimoto.

"Ankathamangira kuti?"

Mlonda anayang'ana mpando wa kutsogolo wa galimotoyo, pomwe Bawuti anali atayalapo kale bulangete lofewa.

"Kuchipatala," anatero. "M'madzimo tinavuulamo anthu awiri. Koma mukawerenga bwino, a Bawuti, anali atatu."