Wogula Mbatatesi wa pa Lizulu

Fadila anamuona koyamba pa siteji ya minibasi pa Lizulu, mvula ikuwaza. Mnyamatayo anaima pafupi ndi matumba a mbatatesi, koma nsapato zake zinkanyezimira ngati za munthu wopita ku ukwati.

"Achemwali, ambulera yanuyo singakwane anthu awiri?" anafunsa akumwetulira.

"Zitengera wachiwiriyo ndi ndani," Fadila anayankha.

"Ndine Gibson. Ndimagula mbatatesi kuno n'kukagulitsa ku Blantyre."

Minibasi zinabwera n'kupita, iwo akadali pansi pa ambulera imodzi.

Fadila ankathandiza bambo ake, a Idrisa, m'sitolo yawo ya nsalu. Agogo ake aamuna anali mmwenye, ndiye khungu lake linali loyererapo. Ena pamsika ankamuitana kuti "kamwenye", chonsecho anabadwira pa Lizulu pomwepo. Gibson sanamutchulepo choncho. Mauthenga ake apafoni anali uchi wokhawokha.

"Duwa langa, wadzuka bwanji? Ine thupi lili kuno koma mtima uli pakhonde la sitolo yanu."

Tsiku lina analemba kuti: "Mvula ikangotha ndituma amalume. Ine ndi iwe mpaka imfa!"

Fadila ankawerenga mobwerezabwereza, koma mafunso sankamuchoka. Wogula mbatatesi wanji wa manja osalala chonchi? Bwanji sankaoneka tsiku la msika? Nanga bwanji ankakonda kuti azikumana ku Biriwiri, kutali ndi anthu owadziwa?

"Kodi thumba likugulidwa bwanji masiku ano?" anamufunsa dala.

"Aaa, iwenso! Tikambe za ife, mbatatesi zitisokoneza," Gibson anaseka n'kumugwira dzanja. Fadila naye anaseka, funso lija n'kulimeza.

Kenaka Lizulu inatentha. Mfundo, wakabaza amene ankanyamula mabelo a nsalu a kusitolo kwawo, anam'namizira kuti waba katundu m'galimoto ya mmwenye wina wodutsa. Apolisi anam'menya pamaso pa anthu mpaka anakomoka, ndipo anthu anathamangira naye kuchipatala ali magazi okhaokha.

Kutacha, msewu unatsekedwa ndi miyala ndi matayala oyaka.

"Apolisi amateteza amwenye! Ife ndife agalu?" anthu ankakuwa.

Mwala unaphwanya galasi la sitolo ya a Idrisa.

"Ana inu, ine Mfundo ndimamutenga ngati mwana wanga!" bambowo anafuula, koma ndani akanamva? Utsi wokhetsa misozi unadzaza msika wonse, tomato ndi kabichi zili mbwee mumsewu.

Fadila anabisala kuseri kwa kauntala ndi mnzake Lufina, wogulitsa anyezi. Analembera Gibson: "Uli kuti? Ndikuopa!"

Yankho linabwera msanga: "Ndili ku Blantyre, wokondedwa. Usatuluke. Ndikanakhala pafupi ndikanakufera."

"Waonera kanema wa dzulo uja?" Lufina ananong'ona. "Wina anajambula zonse. Taona nkhanza zake!"

Fadila sankafuna kuona, koma maso anakana kuchoka pafoniyo. Mfundo anali pansi, ataphimba mutu ndi manja. Wapolisi wina ankamukwapula ndi ndodo, osapuma. Chipewa cha wapolisiyo chinagwa, ndipo anatembenuka kuti achitole.

"Bwezera!" Fadila anati. "Imitsa pamenepo!"

Nkhopeyo ankaidziwa. Milomo yomwe ija yomutchula duwa inali italumana ndi ukali.

Madzulo phokoso litachepa, apolisi anayamba kuyenda khomo ndi khomo kuona masitolo owonongeka. Fadila anatsegula chitseko, n'kupezana maso ndi maso ndi Gibson, atavala yunifolomu, ndodo ili m'manja.

"Fadila... ndikufotokozera," anatero chapansipansi. "Atsikana akamva kuti munthu ndi wapolisi, amathawa. Ndinkaopa kukutaya. Ndapempha dala kuti andiike mbali ino kuti ndikuteteze."

"Mfundo anakulakwira chiyani?"

"Inali ntchito chabe. Ndinangotumidwa."

"Unamupeza nacho chimene amati wabacho?"

Gibson anayang'ana pansi.

"Nanga pamene ankalira kuitana amayi ake, sunamve?"

"Duwa langa, chonde..."

Misozi inatsika m'masaya mwa Fadila, koma analankhula molimba.

"Bwana, galasi losweka ndi ilo, lembani zimene mwabwerera. Mukamaliza mutipatse njira."

Anatembenukira mkati. "Ababa, tengani makiyi a galimoto. Amayi ake a Mfundo alibe chokwera chopitira kuchipatala."

A Idrisa anatuluka, ndipo Gibson anapatuka pakhomo. Fadila anamudutsa osacheuka. Ali m'galimoto atawatenga amayi ake a Mfundo, foni inalira m'chikwama mwake, inaliranso, inaliranso. Iye anangogwira dzanja la mayi wolirayo mpaka anafika.