Chinaka cha M'chitini

Kwa Mgona madzi ndi ogula, ndipo wowataya amanyozedwa ngati wataya ufa. Koma chilimwe chonse Thandie, mtsikana wa Sitandade 7, akabwera kotunga ankapungula kapu yodzadza n'kukathira m'chitini chadzimbiri kuseri kwa nyumba. M'chitinimo munkaoneka dothi lokhalokha.

"Iwe, wayamba ulimi wa matope?" ankamuseka choncho mnzake Kettie.

M'dothimo munali chinaka, chija azimayi amasinja n'kuphika ndi nsinjiro. Koma ichi sichinali chodya. Mayi ake a Thandie anachikumba kwawo, kuphiri la Dedza, n'kubwera nacho m'tauni. Mvula ikagwa chinkatulutsa masamba ndi phesi la maluwa ofiirira. Apo mayiwo ankakhala pambali pake n'kumasimba za kuphiri: mbira zoothera dzuwa pamiyala, anyani akuba chimanga, nkhungu yokuta mitengo ya masuku.

"Okumba anachimaliza kumeneko," ankatero. "Aka n'kamwayi."

Mayiwo anamwalira mu Meyi. Posakhalitsa masamba a chinaka anachita chikasu, kuuma, n'kuyoyoka. Mtima wa Thandie unasweka kachiwiri, ndipo analumbira kuti ichi chokha sachilola kufa.

Tsiku lina bambo ake, a Gilford, amene ankasenza mabelo a fodya ku Kanengo, anamupeza kapu ili m'manja.

"Mwana wanga, usachithirire chimenecho. Chisiye."

"Ndichisiye chife?"

"Tamvera kaye, ndikuuze..."

"Ayi ababa! Zovala za amayi munagawa, mbale zawo munagawa. Inu mwawaiwala kale. Ichi chokha ndisiyireni!"

A Gilford anali munthu wa mawu ochepa, ndipo chimwalirireni akazi awo mawuwo anachita kutheratu. Anayesabe kuiyambitsa nkhaniyo masiku ena, koma Thandie ankangonyamuka n'kumenyetsa chitseko. Makani ake eti! Anayamba kuthirira m'mawa ndi madzulo omwe.

Mvula yoyamba inagwa mu Novembala. Udzu unamera, bonongwe anamera ngakhale m'mbali mwa ngalande. Koma m'chitini muja munangoti zii. Loweruka lina Thandie analephera kupirira. Anapendeketsa chitinicho n'kukhuthulira dothi pansi. Kunatuluka fungo loipa. Pakati pa matopewo panali kanthu kakuda, kofewa ngati nthochi yovunda. Atakagwira kanangophwanyikira m'zala.

"Mayo ine!"

Bambo ake anatuluka liwiro. Ataona chomwe chinali m'manja mwa mwanayo, anakhala pansi pamatope pomwepo.

"Ababa, chinafa liti?"

"Masamba atauma paja chinali chisanafe, mwana wanga. Chinali m'tulo. Kuphiri chimagona chilimwe chonse m'nthaka youma gwa, n'kudzuka chokha chikamva mvula. Mayi ako ankaika chitinichi pakhonde, osachipatsa ngakhale dontho."

Thandie anayang'ana kapu ija, anayang'ana zala zake.

"Ndiye ndachipha ndine? Ndi madzi aja?"

Misozi inatsika m'masaya mwa a Gilford, misozi imene Thandie sanaione ngakhale tsiku la maliro.

"Tsiku limene mayi ako ankachikumba ndinali nawo," anatero bambowo. "Pobwera pa minibasi chitinichi ndinachifungata ine pamiyendo, anthu akundiseka. Umati ndawaiwala? Inenso ndimadikira maluwa amenewa."

Thandie analira kulira kwenikweni, kopweteka pachifuwa. Sankalirira chinaka chokha. Miyezi yonseyi, munthu yekhayo wodziwa kusamala chomera cha mayi ake ankagona naye nyumba imodzi, iye n'kumamutsekera chitseko.

Mvula inayambanso kuwaza, koma palibe ananyamuka. Thandie anapukuta m'maso n'kusendera pafupi ndi bambo ake.

"Ababa, pepani. Zija munkafuna kundiuza zija, ndiuzeni. Ndikumvetsera."

A Gilford anatola chitini chopanda kanthu chija n'kuchiika pamiyendo, monga anachitira pa minibasi paja.

"Mayi ako ndinawaona koyamba pathanthwe la mbira," anayamba motero.