Thumba la Mayi Ake a Yosina

Vainess ankasita yunifolomu ya mawa pamene anamva fungo la utsi. Sunali utsi wa ayironi ayi. Unali wa nkhuni zaziwisi, wosakanikirana ndi mbatata yootcha ndi fungo la khola la nkhumba. Komatu ku Springburn, mu mzinda wa Glasgow, pa fulati ya m'mwamba, nkhumba munthu amaiona ili kale m'pulasitiki, mtengo atamata pamwamba. Anazimitsa ayironi n'kuyamba kununkhiza, kukhitchini, kubafa, mpaka mphuno inamufikitsa m'chipinda cha Yosina.

Yosina Heselo anali namwino wa ku Papua amene anabwera ku Glasgow kudzawonjezera maphunziro. Vainess anamupatsa chipindacho atanenerera lendi ngati akugulana mbuzi, ndipo aliyense anachoka akukhulupirira kuti wamupusitsa mnzake. Kwawo kwa mtsikanayu kunali pamwamba pa mapiri, kumene msewu sunafikeko. Kandege kankatera mitambo ikalola, ndipo mitambo ya kumeneko simva kupempha. Chipatala chinalipo, cha malata okongola, koma loko wake anali atachita dzimbiri. Anthu ankagona m'tinyumba tozungulira ta udzu, moto uli pakati, utsi ukuwateteza ku chisanu kwinaku ukuwadya m'chifuwa.

Kuseri kwa chitseko, pa msomali, Yosina ankakolekapo thumba loluka ndi ulusi wa makungwa, limene kwawo amati noken. Akazi amalikoleka pamphumi, likulendewera kumsana, n'kunyamuliramo mbatata, tiana ta nkhumba, ndi ana awo omwe. Anamulukira ndi mayi ake. Masiku onse linkangoti lende ngati sokosi yochapa. Tsiku limenelo linali litatupa kumunsi, ulusi utakungika kuti nga.

Kenako thumbalo linatsokomola.

Yosina anapeza Vainess ali chilili, atagwira pakamwa.

"Anti, kwagwanji?"

"M'thumba mwakomu waikamo chiyani?"

"Mulibe kanthu."

"Thumba lopanda kanthu limatsokomola kwanu?"

Yosina anapisamo dzanja. Munalibedi kanthu, koma analitulutsa msanga, chifukwa m'katimo munkatentha ngati m'khwapa mwa mwana wa malungo. Anayang'ana pawindo. M'nyengo yozizira ku Glasgow mdima umagwa anthu asanaweruke, ndipo kunja ana a sukulu anali akutsikabe m'basi.

"Kwathu panopa ndi pakati pa usiku," anatero Yosina.

Vainess anasiya zaufiti ku Ntcheu, poganiza kuti sizipatsidwa viza. Zoti usiku wa eni ake ungamupeze iye akusita madzulo, sanaziwerengere.

M'mawa mwake Elias, mchimwene wake wa Yosina, anaimba foni. Kuti apeze netiweki ankakwera phiri mpaka pa mtengo wina wouma, ndiye mawu ake ankafika ali wefuwefu. Mwana wa nyumba yoyandikana nawo anali atamwalira usiku umenewo, akutsokomola.

Sabata isanathe fungo lija linabweranso, thumba linatupanso, Elias anakweranso phiri. Kenako mwana wina. Kenako mapasa, ndipo tsiku limenelo msomali unalira pakhoma. Thumbalo linkatentha, linkapuma movutika, kenako linkaphwa pang'onopang'ono n'kuzizira.

Kumudziko mphekesera zinayamba m'nyumba ya amuna, momwe akazi salowa. Ankati pali suwangi, mfiti yodya munthu m'kati n'kusiya khungu lili bwinobwino. Nkhumba zinkalira usiku popanda wozigwira. Wina anati anaona munthu akulowera ku bwalo la ndege kuli mdima, thumba lili lolemera kumsana. Wachiwiri anati anali mkazi. Wachitatu, posafuna kutsalira, anati anamuona zala. Mfiti ya m'mudzi imakhala ngati katundu wotchipa pamsika: amasankha amene alibe womutchinga. Mayi ake a Yosina anali amasiye, ndipo zala zawo za kumanzere zinali zoduka nsonga, pakuti kale kumeneko mkazi akaferedwa ankadula chala polira.

"Akuti amayi akutumiza ana kwa iwe," anatero Elias. "Akuti wina akangofa, awatengera kumtsinje."

Yosina anakhala pansi pomwepo. Anauza Vainess zimene mayi ake ananena tsiku lonyamuka, injini ya kandege ikulira: pita ukaphunzire, odwala ndidzakubweretsera ndekha.

"Ankaseka, Anti. Ankangoseka."

Vainess anali mayi wokhulupirira kuti chilichonse chimatsika mtengo ukaima nji. Anayamba ndi abusa a Gwanda. Abusawo anabwera ndi mafuta odzozera, napemphera mpaka mzungu wa fulati yapansi anagogoda denga ndi tsache. Atamaliza ananyamula thumbalo ndi zala ziwiri kuti aonetse kuti ndi ulusi chabe. Linalemera, n'kuwakokera dzanja pansi mpaka m'bondo. Anakumbukira pomwepo kuti ku Easterhouse kuli wodwala amene akuwadikira.

"Tingolitentha," anatero Vainess abusa atapita.

"Nanga mukatentha muli mwana?"



Yosina anatenga chida chake chomvera m'chifuwa, nachigunditsa pa thumba lopanda kanthulo. Anamvetsera, misozi ikutsika.

"Chibayo ichi. Mankhwala ake saposa tikiti ya basi yopita ku Partick."

Anaika mankhwalawo m'thumba, ndi supuni yomwe. Thumba linatentha, linaphwa, linazizira. Botolo linatsala momwemo, losatsegulidwa. Njira imeneyo inali yobwera yokha.

Ndiye Elias ataimbanso, Vainess analanda foni. Chingerezi cha Elias chinali chochepa, koma za nkhumba amamvana anthu a mitundu yonse.

"Achimwene, amunawo apatseni nkhumba. Muyambe ndi imodzi, musaonetse kuti muli ndi ina."

Elias anapereka imodzi, kenako inayo. Amunawo anaziphika pa miyala yamoto, mudzi wonse unadya n'kunyambita zala. Nkhumba anadya, mlandu anasunga. Apolisi anali kutali, ulendo wa masiku wapansi. A kandege anati akudikira mitambo.

Tsiku lina mayi ake a Yosina anakwera okha phiri lija. Vainess anamva mawu awo pafoni, aang'ono, osasa, opanda mantha. Analankhula pang'ono, netiweki n'kuduka. Yosina anangoti kukamwa yasa.

"Akuti chiyani?"

"Akufunsa ngati anawo akufika bwino."

Vainess anayang'ana thumba lija.

"Mayi akowo... ndi iwowo?"

"Sindikudziwa, Anti. Mwina akungowalota. Mwina akuyesa kuwapulumutsa. Ndi mayi anga."

Lachisanu thumba linatsokomolanso. Loweruka foni ya Elias sinalowe. Vainess anaimba kuntchito kuti wadwala, ndipo awiriwo anakhala pabedi maso ali kuseri kwa chitseko, kuwala kwa pawindo kukuzilala.

Fungo limene linabwera silinali la utsi. Linali la matope a mumtsinje. Thumba linatsika, linatsikabe, mpaka msomali unapindika n'kugwetsa pulasitala. Madzi ozizira anayamba kudontha pa kapeti. Munalibe chifuwa ulendo uno, munali phokoso la munthu amene akumeza madzi. Kenako m'maso a ulusiwo munatuluka zala, zakuda, zokwinyika, zoduka nsonga.

"Mama!"

Yosina anazigwira ndi manja onse n'kukoka. Vainess anamugwira m'chiuno, nayenso kukoka, akuitana Yesu m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe. Zinali ngati kukoka mtsinje. Zalazo zinafinya dzanja la Yosina kamodzi, mwachikondi, ngati mmene mayi amachitira posiya mwana pakhomo la sukulu. Kenako zinamasuka. Thumba linatsala lende, likudontha.

Elias anaimba Lamlungu. Anati zatha. Anati amuna aja abwerako kumtsinje akuimba, ndipo mudzi wagona tulo tabwino koyamba.

Lolemba madzulo Vainess anatulutsa ayironi, chifukwa maliro a kutali sapatsa munthu tchuthi. Anali atangoyala kolala pamene mphuno yake inagwira nkhuni zaziwisi ndi mbatata yootcha. Anatseka maso. Kuchipinda kuja kunamveka kachifuwa kouma, ka mwana wamng'ono kwambiri.

Anapeza Yosina atagwada kale, thumba atalitsitsa pa msomali, chida chili m'makutu.

"Mwanangu," ananong'ona Vainess, "nanga uyu wam'bweretsa ndani?"

Yosina sanatukule mutu.

"Musafunse, Anti. Khalani pansi mum'gwire mutu. Asafe yekha."

Vainess anakhala pa kapeti yonyowayo, nalandira thumba lotenthalo pamiyendo, n'kuyamba kulisisita.